Filimu imene akatswiri ananyoza koma operekera zakudya sanaiiwale

Mu Okutobala 2005 kampani ya Lions Gate inatulutsa ku America filimu yotchedwa Waiting..., yokamba za anthu ogwira ntchito mu lesitilanti yopeka ya Shenaniganz. Nkhani yonse ndi ya tsiku limodzi, kuchokera pa phwando la mowa la usiku wina kukafika pa phwando la usiku wotsatira, ndipo pakati pake pali shifiti imodzi yaitali. Olemba za mafilimu m'nyuzipepala anaikalipira zedi. Roger Ebert, amene mawu ake ankalemera kwambiri masiku amenewo, anaipatsa nyenyezi imodzi ndi theka pa nyenyezi zinayi. Pa Rotten Tomatoes, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa ndemanga za mafilimu, mwa akatswiri khumi aliwonse, atatu okha ndi amene anaiyamikira. Koma oonera wamba pa tsamba lomwelo, pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse amati ndi yabwino. Anaipanga ndi madola pafupifupi 3 miliyoni, ndipo m'nyumba zoonetsera mafilimu za ku America kokha inabweretsa madola oposa 16 miliyoni, osawerengera ma DVD amene anthu anagula pambuyo pake.

Ambiri amafotokoza kusiyana kumeneku mwachidule. Amati akatswiri ndi onyada, sakonda zolaula, pomwe anthu wamba amasangalala ndi zauve. Ine sindigwirizana nazo. Chaka chomwecho kunatuluka Wedding Crashers ndi The 40-Year-Old Virgin, mafilimu odzaza ndi zolaula nawonso, ndipo akatswiri omwewo anawalandira ndi manja awiri. Ndiye kuti vuto silinali kutukwana. Mukamvetsera zimene okonda Waiting... amanena, mupeza kuti ambiri amayamba ndi kutchula ntchito yawo. Uyu akuti anaperekerapo zakudya ku lesitilanti ya Applebee's, uyo ankaphika ku ya Chili's, winayo akulumbira kuti manijala wawo anali ndendende wa mufilimuyo, ngakhale kayendedwe. Za kalembedwe ka nkhani kapena kajambulidwe alibe nazo ntchito. Iwo akuchitira umboni.

Inenso ndili m'gulu la mbonizo ngakhale ku America sindinapondeko. Ndinanyamulapo thireyi mu lesitilanti ina ku Cape Town, ntchito imene Amalawi ambiri otsikira ku Joni amagweramo pamodzi ndi anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Congo. Filimuyi tinaionera pa laputopu titaweruka, mapazi akuwawa, ndipo malo amene tinkaseka sanali amene wolemba anatitchera. Pa nthabwala zazikulu, zimene anazikonza kuti tigwe nazo, tinkangomwetulira. Phwete lenileni linkaphulika pa tinthu ting'onoting'ono: nkhope ya wophika akamva kuti kwalowa tebulo lina, kapena mmene mawu a woperekera amasinthira akangodutsa chitseko cha kukhitchini.

Tinthu timeneti munthu sangatipeke ali mu ofesi. Rob McKittrick, amene analemba ndi kutsogolera filimuyi, anailemba akugwira ntchito yoperekera zakudya ku Orlando, m'chigawo cha Florida, ndipo panapita zaka zingapo asanapeze woiika ndalama. Inali filimu yake yoyamba, ndipo zimaoneka: kamera imangoima, nkhani zina zimayamba n'kuthera m'malere. Anajambulira pafupi ndi New Orleans, m'nyumba imene inali lesitilanti ya Bennigan's, imodzi mwa malesitilanti aja okhala ndi nthambi mazanamazana, makoma odzaza ndi tizithunzi ndi zikwangwani zakale, menyu yofanana kulikonse. Kampani ya Bennigan's inagwa mu 2008 ndipo nthambi zake zambiri zinatsekedwa, choncho filimuyi yasandukanso chikumbutso cha malo amene ambiri mwa oonera anayambirako ntchito ali achinyamata. Izi nazo zimawonjezera chikondi, chifukwa munthu saweruza mwachilungamo malo amene analandirirako malipiro ake oyamba.

Nkhope imene ili patsogolo ndi ya Ryan Reynolds, amene akusewera Monty, woperekera zakudya wapakamwa potsetsereka ndi wokonda akazi. Nthawi imeneyo ankadziwika ndi filimu ya Van Wilder ya 2002, Deadpool ya 2016 isanamusandutse munthu wa dziko lonse. Monty wapatsidwa ntchito yophunzitsa mnyamata watsopano, Mitch, amene akuseweredwa ndi John Francis Daley, ndipo tsiku lonse mnyamatayu akati atsegule pakamwa wina amamudula mawu. Pali Serena wa Anna Faris, chibwenzi chakale cha Monty, amene amamutsitsa pamaso pa anthu. Pali Dan wa David Koechner, manijala wodziona ngati mtsogoleri wamkulu pomwe aliyense amamuseka kuseri. Kukhitchini kuli Raddimus wa Luis Guzmán ndi Floyd wa Dane Cook, ndipo potsukira mbale pali Bishop wa Chi McBride, amene aliyense amapita kukamuuza mavuto ake.

Koma mukafunsa amene anagwirapo ntchitoyi kuti ndani wakhala m'mutu mwawo, dzina limene limatuluka kawirikawiri ndi la Naomi, woseweredwa ndi Alanna Ubach. Naomi wakhalitsa pa Shenaniganz ndipo ntchito yamudya. Kuseri amatukwana, amakuwa, amanjenjemera ndi ukali. Akangofika pa tebulo, mawu amafewa ngati a mphunzitsi wa Sande sukulu, mano onse panja. Akatembenuka, nkhope imagwa nthawi yomweyo. Wina wolemba m'nyuzipepala angaone ngati Ubach akuchita mopyola muyezo, ndipo n'zoona kuti akukokomeza. Ife tinaona mayi wina amene tinkagwira naye, ndipo aliyense wa ife anadziona yekha pang'ono. Kumwetulira kwa maola asanu ndi atatu, kwa munthu amene wangokuitana ndi kuliza zala, kumatopetsa kuposa kunyamula mbale. Filimu zochepa kwambiri zinali zitasonyezapo zimenezi poyera.

Ukali wonse wa mufilimuyi uli ndi gwero limodzi, ndipo woonera amene sadziwa kalipiridwe ka ku America angaganize kuti anthuwa ndi adyera chabe. Kuyambira 1966 lamulo la dzikolo limalola olemba ntchito kuwerengera tipi, ndalama imene kasitomala amasiyira womuperekera pamwamba pa bilu, ngati gawo la malipiro. Malipiro otsikitsitsa a boma lalikulu kwa munthu wolandira tipi ndi madola 2.13 pa ola, ndipo chiwerengerochi sichinasinthe kuyambira 1991. Pamene filimuyi inkatuluka, wantchito wina aliyense ankayenera kulandira madola osachepera 5.15 pa ola, ndipo kuyambira 2009 ndi 7.25, koma 2.13 ija ili pomwepo. Lamulo limati tipi ikapanda kukwanira, bwana awonjezere kuti zifike pa mlingo wa onse. Zigawo zina monga California ndi Washington zimalamula malipiro athunthu tipi isanawerengedwe. Koma m'zigawo zambiri, amene amalipira woperekera zakudya kwenikweni ndi kasitomala, pogwiritsa ntchito mwambo wosiya 15 kapena 20 peresenti ya bilu. Palibe lamulo lomukakamiza. Akhoza kudya, kukuyendetsa kakhumi konse, n'kunyamuka osasiya kanthu, ndipo m'malo ambiri iwe uyenerabe kugawirako wochotsa mbale ndi wa pa bala malinga ndi zimene wagulitsa.

Tangoganizani ntchito imene abwana ako amasintha ola lililonse, ndipo aliyense amasankha yekha malipiro ako atatha kale kudya. Ndi chifukwa chake chithunzi china chaching'ono chimawakhudza kwambiri anthu a ntchitoyi. Dean, woseweredwa ndi Justin Long, waperekera bwino banja lina, ndipo bamboyo wasiya katipi kochititsa manyazi. Dean akumuthamangira n'kumubwezera, akumuuza kuti zikuoneka kuti iyeyo ndi amene akuzisowa kwambiri. Palibe woperekera zakudya amene sanalotepo kuchita zimenezi. Pafupifupi palibenso amene anachitapo, chifukwa mawa lake lendi ikudikira.

Ku South Africa zinthu ndi zosiyana papepala. Lamulo la malipiro otsikitsitsa limene linayamba mu Januwale 2019, pa R20 pa ola, silimawerengera tipi ngati malipiro. Mwambo wa kumeneko ndi wosiya 10 peresenti kapena kuposerapo pang'ono. Koma amene anagwirako akudziwa kuti munthu wopanda mapepala okwanira sakhala ndi pakamwa pofunsira za lamulo, ndipo ambiri tinkakhalira tipi yomweyo. Ndiye ngakhale Shenaniganz ili kutsidya la nyanja, masamu ake tinkawadziwa pamtima. Wa kumudzi amene sanatulukepo, kumene munthu amalipira nsima ya pa bilu basi ndipo kusiya chenji ndi chifundo chabe, akhoza kuonera filimu yomweyi n'kumadabwa kuti anyamatawa akulusira chiyani.

Tsopano chithunzi chimene filimuyi imadziwika nacho. Mayi wina wamwano wakalipira woperekera zakudya, wadandaula chilichonse, kenako wabweza nyama kuti sinapse momwe amafunira. Mbale ikafika kukhitchini, ophika akuizungulira ngati mwambo, ndipo aliyense akuthiramo zake: malovu, mfundu za m'mutu, ndi zina zimene sindingalembe pano. Mbale ikubwerera, mayiyo akudya mokhutira. Anthu ambiri amene sanagwirepo mu lesitilanti amakumbukira chimenechi chokha, ndipo mpaka lero mumamva munthu akunena kuti chionereni filimuyo sabwezanso chakudya.

Apa ndi pamene mboni zimagawanika, ndipo mkangano wake ndi wokoma kuposa filimuyo. Ena amati zimachitika, anaonapo ndi maso. Ambiri, makamaka ophika, amakana mpaka kukwiya. Ine ndili mbali ya okanawo. M'khitchini imene ndinagwiramo sindinaonepo munthu akulavulira m'chakudya, ndipo chifukwa chake si chiyero ayi. Nthawi ya chakudya chamadzulo mulibe mpata woti anthu anayi asiye moto n'kuzungulira mbale imodzi. Chachiwiri, wophika amanyadira mbale yake, ndipo akhoza kukutukwana iweyo woperekera mpaka makolo ako koma chakudya chake sachidetsa. Kubwezera kwenikweni n'kozizira ndipo sikuoneka. Oda yako imatsika pansi pa mulu. Madzi amene wapempha amaiwalika. Woperekera amadutsa pafupi ndi tebulo lako maso ali kutali ngati akuwerenga mitambo. Zimenezi sizingaseketse pa kanema, ndiye McKittrick anasankha malovu. Chomwe chimandinyansa n'chakuti chithunzi chokayikitsa kwambiri mufilimu yonse ndi chimene chinakhala umboni kwa anthu akunja, ndipo chinapatsa makasitomala ena chifukwa chatsopano chotiyang'anira ndi diso lokayika.

Palinso zina zimene okonda filimuyi amazidumpha mofulumira akamaiteteza. Pali masewera a amuna a pa Shenaniganz, oonetsana maliseche modzidzimutsa, ndipo amene wayang'ana amamenyedwa mateche kumbuyo n'kutukwanidwa ndi mawu onyoza amuna ogonana ndi amuna anzawo. Nthabwala imeneyi imabwerezedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo yatenga malo ambiri kuposa nkhani ina iliyonse. Oonera achinyamata amene akuipeza lero pa intaneti amadabwa kuti zoterezi zinkadutsa bwanji, pomwe akale amayankha kuti m'makhitchini munkalankhulidwa zoposa pamenepo. Onse akunena zoona. M'khitchini mumatuluka mawu oti simungawabwereze pamaso pa apongozi. Koma kunena kuti chinthu chimachitika sikutanthauza kuti chikusekesa kachisanu ndi chiwiri, ndipo apa Ebert ndi anzake sanalakwe.

Choipa kwambiri ndi nkhani ya Natasha, mtsikana wolandira alendo pakhomo amene sanakwanitse zaka 18. Monty akumufuna, manijala Dan akumufunanso, ndipo filimu imasandutsa nthabwala kuwerenga masiku otsala kuti akwanitse zakazo. Kumapeto Monty amadziletsa, ndipo timayembekezeka kumuombera m'manja chifukwa chodikira masiku ochepa. Amene anagwirapo mu lesitilanti akudziwa kuti manijala wosautsa atsikana aang'ono si nthano. Ndi iye amalemba ndandanda ya mashifiti, ndi iye amasankha wopatsidwa matebulo a pawindo Loweruka madzulo ndi woponyedwa pakona Lolemba masana. Pamene malipiro ako ndi tipi, ndandanda imeneyo ndiyo chakudya chako. Filimu inaona chinthu chenicheni, koma inachiseka kuchokera mbali ya amunawo. Mwa akazi amene tinkaonera nawo usiku uja, palibe anaseka pamenepo, ndipo mmodzi anadzuka kukaika ketulo pamoto.

Ndiye n'chifukwa chiyani anthu amaikhululukira? Ndikuganiza kuti ndi njala. Mafilimu a apolisi, madokotala ndi maloya ndi osawerengeka, pomwe anthu mamiliyoni amene amanyamula mbale amaoneka pa kanema kwa masekondi awiri, kufunsa ngati alendo akufuna khofi. Buku la wophika wa ku America Anthony Bourdain la Kitchen Confidential la 2000 linatsegula chitseko cha khitchini, ndipo pulogalamu ya sewero ya pa TV ya The Bear ya 2022 inapangitsa ophika kuoneka ngati akatswiri a luso ozunzika ndi maloto awo. Koma zonsezo ndi za ophika, ndipo zambiri ndi za malo amene chakudya chili ndi ulemu. Waiting... ndi ya malo amene palibe amanyadira menyu, amene palibe analota ali mwana kudzagwirako, amene umayimbira mlendo nyimbo ya tsiku lobadwa mtima uli kwina. Munthu akakujambula koyamba, ngakhale chithunzi chituluke chopindika, umachisunga. Yotsatira yake, Still Waiting... ya 2009, inapita molunjika pa DVD, Reynolds mulibe, ndipo ngakhale okonda yoyamba saitchula kawirikawiri. Zolaula zinalimo zambiri. Chimene chinasowa ndi tinthu tija toona.

Mtima wa filimuyi, ngati ilinawo, ndi Dean. Wakhala pa Shenaniganz zaka zinayi chimalizireni sekondale, sukulu ya ukachenjede akuichita mokoka miyendo. M'mawa mayi ake amuuza kuti mnzake wa m'kalasi, Chett, wamaliza digiri ya uinjiniya wa zamagetsi. Tsiku lomwelo Dan akumupatsa mwayi wokhala wachiwiri kwa manijala, ndipo Dean akuyang'ana Dan n'kuona tsogolo lake litavala tayi. Kenako, patatsala mphindi zochepa kuti atseke, ophika atapukuta kale malo awo maso ali pa wotchi, pakhomo pakulowa anthu awiri. Aliyense amene anagwirapo shifiti yotseka amabuula pamenepa filimu isananene kanthu. Olowawo ndi Chett ndi chibwenzi chake, ndipo wowaperekera ndi Dean. Chett sakuchita mwano woonekera. Akudya, akucheza, ndipo pochoka akusiya tipi yaikulu mopitirira muyezo, ya chisoni, ndi mawu ofanana ndi amene Dean anauza bambo uja masana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, kungoti apa sizinadikire n'komwe mawa.

Chithunzi chimenechi n'cholembedwa bwino kuposa china chilichonse mufilimuyi, ndipo akatswiri ambiri anachidutsa ali otanganidwa ndi kutseka mphuno. Tsiku lonse taona anthu akulirira tipi, ndipo ikabwera yaikulu koposa ndi imene ikupweteka koposa. Dean akukana udindo uja, akusiya ntchito, akuti abwerera kusukulu. Ku phwando la usiku, Mitch amene sanalankhule tsiku lonse akuphulika n'kuuza aliyense za kukhosi, mmodzi ndi mmodzi, ndipo oonera ambiri amati apa ndi pamene anaombera m'manja.

Pa za Dean ndi pamene ife a pa laputopu tinasiyana ndi mboni za ku America. Kwa iwo, funso la Dean ndi lawo ndithu: ndinalowa kuti ndigwire miyezi ingapo, zatheka bwanji kuti papita zaka? Ambiri amati filimuyi inawakankha kuti asiye ntchitoyo. Kwa ife, Dean anali mnyamata wamwayi amene sakudziwa mwayi wake. Ali m'dziko lake, mapepala ali bwino, mayi ake ali pafupi ndipo akumupatsa chakudya, sukulu ikumudikira, ndipo akumupatsa udindo umene ena a ife tikanausainira tisanawerenge n'komwe kalatayo. Pakati pathu panali mnyamata wa ku Bulawayo amene anali kale ndi digiri, ndi mayi wa ku Mzimba amene anaphunzira za uphunzitsi. Iwo anali Chett ndi Dean m'thupi limodzi: sukulu anamaliza, thireyi akunyamulabe, ndipo kumapeto kwa mwezi kwawo akudikira ndalama pa Mukuru. Wa ku Bulawayo anati tipi ya Chett akanailandira n'kuthokoza kawiri, n'kumufunsanso ngati kuntchito kwawo kulibe malo.

Ndipo pali anthu amene filimuyi sinawaone bwino. M'makhitchini ambiri a ku America, otsuka mbale ndi odula anyezi ndi anthu obwera, ochuluka ochokera ku Mexico ndi maiko a ku Central America, ndipo Bourdain ankanena zimenezi poyera nthawi zambiri. Pa Shenaniganz nkhawa imene yapatsidwa ulemu ndi ya mnyamata woyera amene akuopa kukhala manijala. Alendo ochokera kunja amatchulidwa makamaka podandaula kuti sadziwa kusiya tipi. Pamenepo tinaseka ndithu, chifukwa nafenso tinali ndi mndandanda wathu wa maiko amene alendo ake ukawaona akulowa umapemphera kuti akhale pa tebulo la mnzako, ndipo mndandandawo sindiulemba pano.

Tinakangana za Dean mpaka batire ya laputopu inatha. Mayi wa ku Mzimba anaumirira kuti mnyamatayo anachita bwino kuchoka, kuti ntchito imeneyi imakumeza ukaiwerengera ndalama za tsiku limodzi limodzi, ndipo kuti Naomi nayenso tsiku lina anali Dean. Wa ku Bulawayo anati zimenezo ndi zolankhula munthu wokhuta. Wophika wathu wa ku Lubumbashi, amene Chingerezi cha mufilimuyo chinkamudutsa pena ndi pena, sanalowerere za Dean n'komwe. Iye chinamukwiyitsa ndi Chett, osati chifukwa cha tipi, koma chifukwa choitanitsa chakudya chophika anthu atatsuka kale malo ootchera nyama.